Chizungu cha kuchigwa: zomwe timauzana ndi zomwe zili zoona

Mukaima pamlatho wa Luangwa 6 koloko m'mawa m'mwezi wa Seputembala, magalimoto opanda denga atandanda kudikira kulowa m'paki ya South Luangwa, mudzamva Chizungu cha mitundumitundu. Mayi wa ku Germany akufunsa za mvuu zomwe zikufwenthera kunsi kwa mlatho, bambo wa ku Italy akudandaula fumbi, banja la ku India likufuna kudziwa ngati lero kambuku aoneka. Amene akuwayankha onsewo ndi mnyamata wa konkuno kwa Kakumbi. Anakula akulankhula Chikunda pakhomo, kuwerenga anakuphunzirira m'Chinyanja kusukulu, ndipo Chizungu, chomwe lero chikudyetsa ana ake, ndi chilankhulo chake chachitatu.

Komabe m'midzi ndi m'makalasi oyandikana ndi mlathowo timauzana zinthu zokhudza Chizungu zomwe zimatseka ana pakamwa. Ndazimva kuyambira ndili wamng'ono, ndipo zina ndinazikhulupirira ndithu.

Chimene chinazika mizu kwambiri n'chakuti wodziwa Chizungu ndi amene amachilankhula cha m'mphuno ngati mzungu. Mwana akatchula mawu mwachikwathu anzake amafa nalo phwete, mawa lake dzanja sakwezanso. Koma mzungu wake uti? Wa ku Scotland ndi wa ku Texas akakhala tebulo limodzi kukampu, nthawi zina amapemphana kubwereza. Ndipo mwa anthu onse olankhula Chizungu padziko lapansi, oyamwira ndi ochepa. Ochuluka anachita kuphunzira ngati ifeyo.

Zoti lilime lathu limakokera kwawo n'zoona, ndipo chifukwa chake n'chodziwika. Chinyanja chili ndi mavawelo 5 okha, pamene Chizungu cha ku England chili ndi maliwu a mavawelo pafupifupi 20. N'chifukwa chake khutu lathu limamva "ship" ndi "sheep" ngati mawu amodzi. Kwathu phatikizo lililonse limathera pa vawelo, motero "spoon" inasanduka supuni, ndipo Cropping, dzina la malo ena kuno lomwe linatsalira pa ntchito yopungula njovu ndi mvuu m'zaka za m'ma 1960, pakamwa pa ambiri limatuluka ngati Kolopingi. Palibe chochititsa manyazi pamenepa. Pofunika kukhetsera thukuta ndi pamene katchulidwe kamasintha tanthauzo. Kwathu l ndi r salimbana, koma m'Chizungu "grass" ndi udzu pamene "glass" ndi tambula. China chomwe aphunzitsi ambiri sachitchula ndi potsindika. Ife timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, ndiye njati timaitchula "buFAlo", pamene eni ake amagogomeza koyambirira, "BUfalo". Mlendo amakhululuka msanga vawelo yopotoka, koma mukatsindika polakwika amakuyang'anani kukamwa. Zimenezi zimakonzeka ndi khutu: kumvetsera nkhani pawailesi, kubwereza mokweza, kudzijambula mawu pafoni n'kudzimvera wekha.

Chikhulupiriro chachiwiri n'chimene chimandipweteka mtima. Amati chilankhulo cha pakhomo chimaononga Chizungu, ndiye mwana muletseni. Ine ndinaphunzira pasukulu pomwe wogwidwa akulankhula chikwawo ankamuveka chigoba cha nkhono m'khosi, ndipo yemwe belu loweruka lamupeza nacho ankatsala kusesa bwalo. Chomwe tinaphunzirapo n'kukhala duu, ndi kutchera khutu kuti tipeze mnzathu womupatsira chigobacho. Sindikumbukira mawu a Chizungu ngakhale amodzi amene ndinawadziwa chifukwa cha nkhono ija.

Dziko la Zambia layesa njira zonse ziwiri. Lamulo la maphunziro la 1966 linaika Chizungu kukhala chophunzitsira kuyambira Giredi 1, ndipo kwa zaka 30 ana ambiri ankaloweza zomwe sakuzimva. Ndondomeko ya 1996 inavomereza kuti kuwerenga kuyambire m'chilankhulo chodziwika kwa mwana, ndipo kuyambira 2014 Giredi 1 mpaka 4 ankaphunzira m'zilankhulo 7 zosankhidwa, kuno kum'mawa Chinyanja. Ndondomeko ya 2023, yomwe inayamba kugwira ntchito mu 2025, yabwezeretsa Chizungu m'makalasi oyambirira. Malamulo asinthasintha, koma mutu wa mwana ndi womwe uja. Kuwerenga munthu amaphunzira kamodzi kokha. Akangozindikira kuti zilembo zimaimira maliwu, lusolo amasamuka nalo kupita ku chilankhulo china chilichonse. Ndipo pophunzirira pabwino ndi pomwe zilembo sizinama. M'Chinyanja "mbidzi" imawerengedwa momwe yalembedwera. M'Chizungu "though", "through" ndi "tough" amathera pa zilembo zofanana koma aliyense ali ndi katchulidwe kake. Bungwe la UNESCO linanena kale mu 1953 kuti mwana ayambe sukulu m'chilankhulo cha amayi ake. Kuno kuchigwa nkhaniyi ili ndi mfundo ina: mwana wa Chikunda, ngakhale Chinyanja cha m'bukucho si cha pakhomo pake. Mphunzitsi amene amalola mwana kufunsa m'Chikunda, n'kumuyankha m'Chizungu chosavuta, ameneyo ndiye akugwira ntchito.

Palinso amene amati galamala ndi ya pamayeso chabe, ukangokhala pafupi ndi azungu Chizungu chimalowa chokha. Chimalowadi, koma chimalowa cha moni, cha mitengo ya ziboliboli ndi cha kutsanzikana. Ndipo pali misampha ina yomwe munthu angagweremo zaka 10 osadziwa, chifukwa mlendo amangomwetulira, sakuwongolera. Taonani uwu. Mtsikana woperekera zakudya akufunsidwa ndi mlendo kuti, "Isn't there any more tea?" Tiyi watha, ndiye iye mwaulemu akuti, "Yes." Mlendo akukhala ndi kapu m'manja kudikira tiyi yemwe sabwera. Mtsikanayo sananame. Kwathu munthu akafunsa kuti "Tiyi kulibe?" timati "Inde," kuvomereza kuti kulibedi. Mzungu pamenepo amati "No." Chimodzimodzi "ndibwerekeni cholembera," chomwe chimabala "borrow me" m'malo mwa "lend me". Chimodzimodzinso "he" ndi "she": ife timangoti iye, kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi, ndiye munthu amapezeka akutchula amayi ake kuti "he". Zolakwa zimenezi si umbuli. Ndi galamala ya kwathu yomwe yavala malaya a eni, ndipo mphunzitsi akaika zilankhulo ziwirizi pambalipambali pabolodi, mwana amaona yekha pomwe njira zasiyanirana.

Apa ndiyenera kutsutsanso anzanga ena ophunzira amene amati zilankhulo zathu zilibe galamala. Mwana wa zaka 5 amati munthu wagwa, mtengo wagwa, chingwe chagwa, zipatso zagwa, kamwana kagwa, osaphonya ngakhale kamodzi. Mzungu wophunzira Chinyanja amatuluka thukuta ndi magulu a mayina amenewa. Mutu umene unasenza zimenezi sungalephere "a" ndi "the".

Ndipo pepala la mayeso lili ndi malo ake. Satifiketi yathunthu ya Giredi 12 imafuna kuti munthu akhoze Chizungu. Woperekeza alendo m'paki amalemba mayeso, amawerenga mabuku a mbalame ndi mitengo, amadziwa kuti mvunguti dzina lake la sayansi ndi Kigelia africana. Woyang'anira kampu amayankha makalata a alendo pakompyuta. Chizungu cha pamsewu chokha chimakufikitsa pachipata, koma ntchito zimenezi zimafuna wodziwa kulemba.

Nanga mawu akuluakulu? Tonse tikumudziwa mkulu wina amene pamsonkhano amagwetsa mawu otalika ngati njoka, anthu n'kumaomba m'manja osamva kanthu. Achinyamata amatengera, n'kuyamba kuloweza dikishonale kuchokera pa A. Katswiri wa ku New Zealand, Paul Nation, anawerengera kuti mawu 2,000 ofala kwambiri pamodzi ndi nthambi zake amakwana pafupifupi mawu 8 mwa 10 alionse a m'nkhani wamba, ndipo kuti munthu awerenge nyuzipepala kapena buku la nthano mosadodoma amafunika mawu 8,000 mpaka 9,000. Ochuluka chotere saloweka pamndandanda. Amabwera ndi kuwerenga, mawu amodzi ukakumana nawo kambirimbiri m'malo osiyanasiyana. Ovuta enieni ndi aafupi omwe timawapeputsa: "get up", "get off", "get over", "get by". Chizungu chomwecho ndi chobwerekabwereka. "Safari" chinatenga ku Chiswahili, "impala" ku Chizulu, "tsetse" ku Chitswana, ndipo akatswiri a nthaka akamalemba za madambo a m'chigawo chino cha Africa amalemba "dambo" momwemo.

Chotsala n'cha akuluakulu: "Ife zinatipita, mutu unauma." Chomwe chimavuta kwambiri munthu akakula ndi katchulidwe. Mawu ndi malamulo ake amalowa pa msinkhu uliwonse, ndipo wamkulu ali ndi mwayi woti amadziwa chomwe akufunira. Joseph Conrad wa ku Poland anayamba kuchidziwa bwino Chizungu ali ndi zaka za m'ma 20, pa sitima zapamadzi. Mpaka imfa yake lilime linali la kwawo, koma mabuku ake akuphunzitsidwa m'mayunivesite a ku England. Sitifunikanso kupita kutali. Chiyambire 1950, pamene Norman Carr anagwirizana ndi Mfumu Yaikulu Nsefu zotsegula malo oonerako nyama, chigwa chino chaona amuna ambiri amene analowa ntchito yonyamula tiyi paulendo wapansi kapena yotsuka mbale, n'kudzatha kufotokoza mapazi a fisi ndi kulira kwa mbalame m'Chizungu chomveka. Anafunsa, analakwitsa, anafunsanso. Safunsa anadya phula.

Tsono inu amayi ndi abambo a kwa Kakumbi, kwa Mnkhanya, kwa Nsefu ndi kwina konse m'boma la Mambwe, musaleke kulankhula ndi ana anu Chikunda poganiza kuti mukuwathandiza. Auzeni nthano, aphunzitseni mayina a mitengo ndi nsomba za mu Luangwa. Ndipo madzulo ano mwana akabwera kusukulu, mukhazikeni pamphasa akuwerengereni tsamba limodzi la Chizungu mokweza, kenaka akufotokozereni m'chikwathu zomwe wawerengazo. Ngakhale inuyo Chizungucho simuchimva, mudzadziwa ngati iye wamva. Akapunthwa pa mawu, musalole aliyense pabwalopo kumuseka.