Kabawi, Anapiye ndi Mankhwala a Malungo

Ife oweta nkhuku kuno ku Malingunde timadziwa kuti kabawi amayamba kuona anapiye oyera. Akuda ndi amawangamawanga saoneka msanga mu udzu, choncho amakula n'kudzaswa ana ofanana nawo. Pakapita zaka, nkhuku zotere zimachuluka m'khola. Palibe nkhuku imene yasintha nthenga ayi. Zimene zapulumuka kwa kabawi ndi zomwe zapatsira ana chibadwa chawo.

Mankhwala amachitanso chimodzimodzi ndi tizilombo ta malungo. Chloroquine ankapha tofooka n'kusiya tolimba, ndipo tolimbato tinaswana mpaka mankhwalawo anasiya kuchiza. Mu 1993 Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kuwasiya n'kuyamba Fansidar. Ofufuza ku Blantyre anapeza kuti mu 1992, mwa odwala malungo 100 alionse, 85 anali ndi tizilombo tosamva chloroquine, koma pofika 2000 anatsala 13 okha, popeza mankhwala opha tofooka aja anali atachoka.

Chiyambire 2007 tikumwa LA, ndipo tiyenera kumuteteza. Mwana akamuyeza kuchipatala cha Mitundu kapena Nathenje n'kumupatsa LA, amwe kawiri patsiku kwa masiku atatu, pamodzi ndi phala lansinjiro kapena mkaka, ngakhale thupi litasiya kutentha. Tikalekezera panjira, tizilombo tolimba timatsala m'magazi, udzudzu n'kukapatsira banja la mnansi wathu.