"Samva": mawu amene ndinaleka kulemba m'kope

Amayi ena akandiona nditakhala pamphasa, kope lili pamwendo, maso ali pa khanda lomwe likungomenyetsa chikombe pansi, amaseka. "Mayi, mukulembanso chiyani pamenepo? Mwanatu akungosewera." Eya, kusewerako ndi kumene ndabwerera.

Ndimaphunzitsa alezi a sukulu za mmera mpoyamba kuno ku Malosa ndi m'midzi ya chigwa cha Domasi. Sukulu za mkombaphala zambiri zimalemba ana a zaka zitatu mpaka zisanu, koma makanda sasowa: amabwera kumsana kwa amayi ophika phala, nthawi zina kwa mlezi mwini wake. Kabuku ka kusikelo kamatiuza kulemera kwa mwana ndi katemera amene walandira. Za mmene amagwirira chinthu, kapena ngati amacheuka akaitanidwa, zimenezo zimadikira munthu wokhala naye pansi n'kulemba.

Mlezi watsopano aliyense amayamba ndi chiganizo chimodzimodzi: "Lero wasewera bwino." Pakatha mwezi chiganizocho sichithandiza aliyense. Ndimawapempha alembe chonchi: "Lachiwiri m'mawa, miyezi 9. Ndinabisa chitsekero cha chigubu pansi pa chitenje iye akuona. Anakoka chitenje ndi dzanja lamanja, natola chitsekerocho n'kuchiika kukamwa." Mizere itatu basi, koma muli nkhani. Khanda la miyezi inayi ukalibisira chinthu limangoyang'ana kwina ngati chatheratu. Uyu wadziwa kuti chobisika chilipobe. Jean Piaget wa ku Switzerland anazindikira zimenezi polemba zochita za ana ake atatu kunyumba kwake, ndipo chida chake chachikulu chinali chomwechi, kope ndi kudekha.

Ndinaphunzira movutikira. Nditangoyamba ntchito ndinalemba za kamnyamata kena ka chaka ndi theka kuti "samva". Ndinkatanthauza mwano, chifukwa ndikakaletsa kuseweretsa madzi kankangopitiriza. Mayi ake anavomereza kuti ndi khalidwe la kuchimuna. Tsiku lina chivundikiro cha poto chinagwa kumbuyo kwake, ana onse anadzidzimuka, iye osacheuka. Samvadi, koma osati mmene ndinalembera. M'makutu munali mafinya, ndipo panali patapita milungu ingapo ine ndikuweruza mwana wodwala. Kuchokera pamenepo mawu ngati "waulesi", "wamanyazi" ndi "wamakani" ndimawakana m'kope. Amenewo ndi chigamulo, ndipo chigamulo chikalembedwa munthu amaleka kuyang'ana.

Kopeli limathetsanso mikangano ya pamjigo, ija yoti wa uje anayenda kalekale, wanuyu watani. Mu 2006 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa zotsatira za kafukufuku wa ana 816 a ku Ghana, India, Norway, Oman ndi America. Ana athanzi ankayamba kukhala okha pakati pa miyezi inayi ndi 9, kuyenda okha pakati pa miyezi 8 ndi pafupifupi 18, ndipo anayi mwa ana 100 alionse sanakwawe n'komwe. Mpata wake ndi waukulu kuposa mmene agogo amaganizira. Chimene ndimafuna poŵerenga masamba a miyezi itatu ndi kuona ngati mwana akusuntha. Amene waima malo amodzi, kapena wataya chimene ankachita kale, ameneyo sitizengereza: timakambirana ndi mayi ake, apite naye kuchipatala cha St Luke's kapena china chapafupi, kope lili m'manja.

Malawi ali ndi muyeso wakewake. Mu 2010 Melissa Gladstone ndi anzake anasindikiza MDAT, mndandanda wa zinthu 136 zoyesera mayendedwe, kagwiridwe ka zala, chilankhulo ndi kakhalidwe ndi anthu. Anaupanga chifukwa miyeso yochokera kunja inkafunsa zinthu zimene mwana wakumudzi sanazionepo. Kuyesa kotere ndi kwa ophunzitsidwa. Mlezi asadzisandutse dokotala. Koma phunziro lake ndi lathu tonse, makamaka kuno komwe mwana amamva Chiyao pakhomo ndi Chichewa kusukulu. Mlezi wina anandiuza kuti mwana wake wina sanayambe kulankhula. Titakhala naye kanthawi, mwanayo anakweza chikho nati "mesi". Madzi amenewo m'Chiyao. Mawu ndi mawu, lembani mmene atulukira.

Za m'kope ndi za mlezi ndi makolo a mwanayo basi, si zokambirana kuchigayo. Ndipo mukamuŵerengera mayi zimene mwalemba, musiyireni mpata awonjezere, chifukwa iye ndiye amamuona usiku ndi m'bandakucha. Sabata yatha mayi wina atamva za chitenje chija anati, "Kunyumbatu amavundukula ndi mbale ya ndiwo yomwe." Ndinalemba pomwepo, ndi tsiku lake.