Poyamika Munthu m'Cizungu, Yambani Mwayesa Mau

Pa maliro ena ku Chawama, mnyamata wowerenga mbiri ya malemu anaimirira nati atate ake anali "a notorious farmer". Ambiri anagwedeza mitu kuvomereza, koma aphunzitsi ena okalamba anangoweramitsa nkhope. Mwana anafuna kulemekeza atate ake, koma mosadziwa anawanyoza pamaso pa khamu.

M'Cinyanja tingoti "wochuka", koma Cizungu cimasiyanitsa. "Famous" ndi wochuka pa zabwino, monga a Kenneth Kaunda amene anatsogolera dziko lino pa ufulu mu 1964. "Notorious" ndi wochuka pa zoopsa, monga momwe manyuzipepa anali kuchulira Adamson Mushala, amene anaphedwa ndi asilikali mu 1982 atavutitsa anthu ku North-Western. Mlimi wodzaza nkhokwe ali ku mbali ya "famous".

Mau ena ovuta ndi "clever" ndi "wise". Apa makolo athu sanasokonezeke. Kalulu wa m'nthano ndi wocenjera, ndiye "clever". Nkhalamba yoweruza mlandu wa malire a munda mwacilungamo ndi yanzeru, ndiye "wise". Tsono inu a komiti amene mulembera acinyamata makalata ofunira nchito, samalani. Mukalemba kuti mnyamata ndi "very clever", bwana wina wa sitolo ku Kamwala adzaganiza kuti ndi kacenjede wosayenera kumsiyira ndalama. Ngati mufuna kunena kuti amagwira zinthu msanga m'mutu, lembani "intelligent". Ngati ndi wokhulupirika, lembani "honest", pakuti ndi mau amene olemba nchito amayamba kufuna.

Cimodzimodzi "humble" ndi "simple". Malemu Kadinala Medardo Mazombwe, amene anamwalira mu 2013, anthu amawakumbukira ngati munthu "humble", kapena kuti wodzicepetsa. Koma mukati amai apampando ndi "simple", wina angamve kuti ndi opepera, osavuta kupusitsa.

Abale, Cizungu ndico cilankhulo ca boma ndi ca makalata, sitingacithawe. Koma liu lalitali silikhala labwino cifukwa ca kutalika kwake. Musanaimirire pa maliro, pa ukwati kapena pa msonkhano wa kopaletivu, funsani mwana wa sukulu atsegule dikishonale. Mukakaikira, nenani m'Cinyanja. Wakufa sangadzuke kudzakonza mbiri yake, ndipo kalata ikalowa mu ofesi sibwerera.