Labotale Imayambira Papepala

Tikamva kuti yunivesite ikumanga nyumba ya sayansi, ambirife timaganiza za njerwa, simenti ndi malata. Komatu mmisiri akamayala njerwa yoyamba, zisankho zikuluzikulu zimakhala zitapangidwa kale papepala, ndipo cholakwika cha papepala chimavutitsa ophunzira kwa zaka zambiri. Ife ophunzira uphunzitsi nkhaniyi ikutikhudza. Mawa lino ena mwa ife tidzaphunzitsa Biology, Chemistry ndi Physics m'masekondale, ndipo komiti ya sukulu ikadzapeza ndalama za labotale, idzafunsa ifeyo kuti imangidwe motani.

Chitsanzo chili pafupi. Malawi University of Science and Technology ili ku Ndata m'boma la Thyolo, boma lomwelo kumene kuli Malamulo. Ganizo lake linali la Pulezidenti Bingu wa Mutharika ndipo inamangidwa ndi ngongole yochokera ku China. Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loikhazikitsa mu 2012, koma ophunzira oyamba anafika mu 2014. Nyumba pazokha sizitsegula sukulu. Pamafunikanso aphunzitsi, ndondomeko ya maphunziro ndi zipangizo, ndipo bungwe la National Council for Higher Education limayendera zonsezi lisanavomereze maphunziro.

Funso loyamba: mudzachitika chiyani?

Katswiri wojambula mapulani sangayambe ntchito asanakhale pansi ndi aphunzitsi a sayansi. Labotale ya Chemistry imafuna madzi ambiri, gasi ndi njira yotulutsira mpweya woipa. Ya Physics imafuna masoketi ambiri ndi chipinda choti nkuchidetsa pophunzira za kuwala. Yoyezera tizilombo toyambitsa matenda imafuna matebulo osavuta kupukuta, makina ophera tizilombo ndi nthunzi yotentha, ndi sinki yosambira m'manja pafupi ndi khomo. Amafunsanso chiwerengero cha ophunzira olowa nthawi imodzi, chifukwa anthu akapanikizana pamene pali moto ndi asidi, ngozi sichedwa.

Malo nawonso amasankhidwa mosamala. Mainjiniya amayeza nthaka kuti adziwe maziko oyenera, amaona kumene madzi a mvula amalowera, ndipo ntchito ikakhala yaikulu pamachitika kafukufuku wa mmene idzakhudzire chilengedwe. Masikelo oyeza tinthu tochepetsetsa amasokonezeka ndi kanjenjemera kakang'ono, nchifukwa chake amawaika pansi, pa tebulo lolemera, kutali ndi jenereta ndi msewu wa malole.

Zimene mlendo saona

Ndalama zambiri za nyumba ya sayansi zimalowa m'zinthu zobisika m'makoma, kudenga ndi pansi pa nthaka.

Choyamba ndi mpweya. Mankhwala otulutsa utsi woopsa amasakanizidwa m'kabati yagalasi yomwe imakoka mpweya nkuutulutsira pamwamba pa denga. Mpweyawo suyenera kubwerera m'makalasi, choncho paipi yake imakhala yakeyake.

Chachiwiri ndi madzi. Pamafunika thanki yosungira, makina osefa madzi oyezera, ndi shawa ya pangozi pamodzi ndi mpopi wotsukira m'maso, zoti munthu amene wathiridwa mankhwala azifikire m'kamphindi. Madzi otayidwa nawo ali ndi njira yawo. Asidi amadya mapaipi achitsulo, ndipo akangotsanuliridwa m'ngalande amathera mumtsinje momwe anthu akumunsi amachapa ndi kumwetsa ziweto. Nchifukwa chake amayamba wachepetsedwa mphamvu, ndipo mankhwala ena amasungidwa m'mabotolo kuti akatayidwe mwa dongosolo.

Chachitatu ndi magetsi. Mafiriji ena a kafukufuku amazizira mpaka madigiri 80 pansi pa ziro, ndipo akazima kwa nthawi yaitali, ntchito ya miyezi yambiri imaonongeka. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko nkutaya pafupifupi mamegawati 130. Wokonza pulani kuno kwathu ayenera kuwerengera jenereta kapena sola ndi mabatire kuyambira pachiyambi.

Palinso zing'onozing'ono zopulumutsa moyo: makomo awiri otsegukira kunja, masilinda a gasi osungidwa panja m'kachipinda kokhoma, sitolo ya mankhwala yolowa mpweya, ndi njira yoti wophunzira wa panjinga ya olumala afike patebulo lake popanda kunyamulidwa.

Pa sukulu ya Adventist pamabwera funso linanso. Tizilombo tolimidwa m'mbale za galasi timakulabe ngakhale dzuwa la Lachisanu litalowa. Pulani yabwino imakhala ndi zipangizo zotha kudziyendetsa zokha, ndipo ndondomeko ya ntchito imakonzedwa kuti wina asakakamizike kutsegula labotale pa Sabata.

Kuwerengera mtengo

Pa Luka 14:28 Yesu anaphunzitsa za kuyamba kuwerengera mtengo munthu asanamange nsanja. M'ntchito ya zomanga muli katswiri amene udindo wake ndi womwewo: amawerenga matumba a simenti, zitsulo ndi mapaipi, kenako makontirakitala olembetsedwa mwalamulo amapikisana pa mitengo. Vuto nlakuti mamaikulosikopu, magalasi ndi mankhwala ambiri amagulidwa kunja ndi madola. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo bajeti iliyonse yodalira katundu wakunja inaperewera tsiku lomwelo. Ndalama zikachepa pakati pa ntchito, makoma amamalizidwa chifukwa amaoneka, zimene zimadulidwa ndi zipangizo. Mathero ake ndi chipinda chokongola cholembedwa kuti labotale pakhomo, m'kati muli mabenchi okhaokha.

Ngakhale riboni itadulidwa, ndalama zimafunikabe chaka ndi chaka. Mankhwala amatha, magalasi amasweka, masikelo amafuna kuunikidwa ngati akuyeza molondola, ndipo pamafunika katswiri wosamalira labotale amene amakonzeratu zoyeserera ndi kudziwa botolo lililonse lili m'sitolo.

Masekondale ambiri, makamaka oyendera a m'midzi, alibe labotale, chonsecho ophunzira awo amalemba mayeso a MSCE ofuna kugwira zipangizo ndi manja. Mphunzitsi amene adzawathandize akuumbidwa m'malabotale a makoleji lero. Choncho tikadzaona pulani ya nyumba ya sayansi itapachikidwa pa bolodi, tisadzangoyamikira maonekedwe ake. Tidzafunse kuti madzi achokera kuti, mpweya woipa utulukira kuti, magetsi akazima chichitike nchiyani, ndipo mankhwala a chaka chachiwiri adzagula ndani.