Phokoso nalo lili ndi sikelo yake

Mlandu wa phokoso ndi wovuta kuzenga. Wodandaula amati sanaone tulo usiku wonse, mwini bala amati nyimbo zinali zapansipansi, ndipo apolisi akamafika amapeza zokuzira mawu zatsitsidwa kale. N'chifukwa chake mizinda ina inatopa ndi kukanganako n'kuyamba kuyeza.

Phokoso amaliyeza m'madesibelo. Anthu akamacheza bwinobwino, mawu awo amakhala cha m'ma 60. Koma manambalawa amapusitsa. Kuchoka pa 60 kufika pa 70 kumaoneka ngati kukwera pang'ono, chonsecho mphamvu ya phokoso yachuluka kakhumi, ngakhale khutu limamva ngati yangowirikiza kawiri. Bungwe la NIOSH la ku America limati pa madesibelo 85 munthu asapitirire maola 8 patsiku. Pa 88 nthawiyo imatsika kufika maola 4, pa 100 n'kutsala mphindi 15 zokha. Ndiye taganizirani mnyamata wa pachigayo amene amaima pambali pa injini kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, m'makutu mulibe chotseka. M'kati mwa khutu muli timaselo tanthete tomwe timalandira mawu, ndipo tikafa sitimeranso.

Phokoso la usiku silichita kufika pogonthetsa kuti livulaze. Limadula tulo, limakweza kuthamanga kwa magazi, ndipo pakapita zaka mtima umalema. Mu 2018 bungwe la WHO linalangiza mayiko a ku Ulaya kuti phokoso la magalimoto usiku lizikhala pansi pa madesibelo 45.

Ku New York anaika makamera okhala ndi maikolofoni m'misewu ina kuyambira mu 2021. Galimoto ikapitirira madesibelo 85 pa mtunda wa mamita pafupifupi 15, kamera imajambula nambala yake, ndipo mwini wake akhoza kulipira chindapusa choyambira pa madola 800. Ku Paris anayamba kuyesa makina otere mu 2022, makamaka chifukwa cha njinga zamoto zomwe eni ake amachita kusintha ekizozi kuti izilira kwambiri.

Vuto lake, nambala payokha siyokwanira. Woyeza akaima pabwalo n'kusuntha kuti mtunda uwirikize kawiri, phokoso limatsika ndi madesibelo pafupifupi 6, choncho lamulo lomwe silitchula poimirira n'losathandiza. Mphepo ikamawomba pa maikolofoni imakweza nambala, n'chifukwa chake amaiveka kasiponji kozungulira. Makinawo amafunikanso kuwayesa ngati akulondola asanayambe ntchito ndi akamaliza. Mapulogalamu a pafoni oyezera phokoso ndi abwino kukutsegulani maso, koma musayembekeze kuti khoti lingawakhulupirire msanga.

Chopweteka kwambiri ndi mabesi. Kayezedwe kofala, komwe amalemba kuti dB(A), kamatsanzira khutu la munthu, motero kamachepetsa mawu akuya. Koma mawu akuyawo ndi amene amaboola khoma n'kunjenjemeretsa malata ndi mawindo. Munthu akhoza kuchezera usiku wonse akumva gu, gu, gu pachifuwa, makina akusonyeza kuti palibe wolakwa.

Ku England lamulo la 1990 lokhudza chilengedwe silinaike nambala imodzi ya phokoso la anthu oyandikana nyumba. Ofisala wa khonsolo amabwera yekha, kapena amasiya makina ojambula mawu m'nyumba ya wodandaula kwa masiku angapo. Kenako amaunika nthawi yomwe phokosolo limayamba, kutalika kwake ndi kuti limabwerezedwa kangati, asanalembe kalata yoletsa.