Nsapato Sagula ndi Maso

Lowani m'kalasi ya Fomu 1 pa sukulu iliyonse, mufunse ana kuti akufuna kudzagwira ntchito yanji. Mayankho ake ngodziwikiratu: udokotala, unamwino, uloya, usilikali, kuyendetsa ndege, mwinanso mmodzi wofuna ku banki. Mukawonjezera funso lakuti, "Nanga dokotalayo akafika kuchipatala m'mawa amayamba n'chiyani, ndipo amaweruka nthawi yanji?" kalasi yonse imangoti zii. Anawa sakunama ayi, amazifunadi ntchitozo. Vuto n'lakuti anangoziona patali. Anaona yunifolomu yoyera, galimoto ndi ulemu umene anthu amapereka, koma mkati mwa ntchitoyo sanasuzumiremo.

Aliyense amene anagulako nsapato pa kaunjika akudziwa kuti maso amanamiza. Wogulitsa amazichapa bwinobwino, kuzipaka polishi, n'kuzipakira mapepala mkati kuti ziime njo. Zonse zimaoneka zokoma zili pamulu. Koma wogula wochenjera sathamangira kutulutsa ndalama. Amakhala pansi, kuvula patapata, kuvala nsapato ija mapazi onse awiri n'kumanga zingwe. Amadina kutsogolo ndi chala chachikulu kuti amve pamene zala zalekezera. Wogulitsa amamuyalira katoni, iye n'kuimirira, kuponda, kuyenda pang'ono, kenako kuipinda kuti aone ngati kunsi sikunang'aluke. Ikamuthina amaibweza pamulu popanda mlandu, chifukwa ngakhale wogulitsayo amanena yekha kuti, "Yesani bwana, kuyesa n'kwaulere."

Palinso kagulidwe kena kamene ambiri tinakulira. Kholo limayeza phazi la mwana ndi kachingwe kapena kamtengo, n'kupita nako kumsika mwana atatsala pakhomo. Utali umakwana ndithu, koma kachingwe sikadziwa kuti phazilo n'lotambalala, kapena kuti chidendene chimakhuzika. Mwana amavala nsapato ija pochoka pakhomo poopa kukhumudwitsa amene anagula, koma akangokhota pa msewu amaivula n'kuinyamula m'manja, matuza ali mbwee.

Ntchito nayo ndi chovala cha kuphazi, kungoti ulendo wake ngwautali: zaka makumi atatu kapena kuposerapo. Mtengo wake nawo ngwowawa, pakuti ndi zaka zinayi za ku koleji, fizi imene makolo agulitsira mbuzi ndi chimanga, ndi ngongole ya boma imene mwana adzabweze akadzayamba kulandira. Chinthu chodula chonchi sitingamachigule ndi maso kapena ndi kachingwe. Mwayi ulipo ngwakuti malo oyesera alipo, ndipo ngaulere: makalabu a pa sukulu, masewera, magulu a mapemphero, ndi masiku a holide.

Ambiri timawaona makalabu ngati potayira nthawi, koma tayang'anitsitsani zimene zimachitika m'kalabu ya zisudzo pamene mpikisano wayandikira. Amene amaoneka pa siteji ndi ochepa. Kumbuyo kuli mnyamata amene akulemba ndi kufufuta mawu a sewerolo usiku ndi tochi. Kuli mtsikana amene wasonkhanitsa zitenje ndi majekete obwereka, ndipo akudziwa kuti ichi n'cha yani, chibwezedwa liti. Wina akuwerengera ndalama ya minibasi ndi ya chakudya, wina akulimbana ndi mawaya a sipika imene ikungolira. Sewero limodzi lapatsa ana mwayi woyesa ntchito zisanu: kulemba, kusoka ndi kukonza zovala, kusunga ndalama, zamagetsi, ndi kutsogolera anthu. Malemu Du Chisiza Jr., amene anadzayambitsa gulu la Wakhumbata mu 1987, anayamba kudziwika ali mwana wa sukulu ku HHI mu mzinda wa Blantyre, pamene sewero lake linapambana pa mpikisano wa zisudzo wa masukulu wokonzedwa ndi bungwe la ATEM. Luso lakelo analiyesera pa siteji ya sukulu.

Makalabu enanso n'chimodzimodzi. Mu kalabu ya zachilengedwe, monga aja amathandizidwa ndi bungwe la WESM, ana amathira dothi m'machubu, kufesa mbewu za mitengo, kuthirira m'mawa ndi madzulo, n'kumalemba kuti zamera zingati, zafa zingati, ndipo chifukwa chake n'chiyani. Mwana amene sagona mtima mbande zikayamba kufota, amene amafukula chubu kuti aone ngati ndi chiswe kapena madzi achuluka, wayamba kale kuganiza ngati mlangizi wa zaulimi kapena wa zankhalango. Mu kalabu ya Red Cross, tsiku limene mnzawo wathyoka mwendo pa bwalo la mpira ndi limene limaonetsa amene manja ake sanjenjemera akaona magazi. Msungichuma wa SCOM kapena YCS amene kabuku kake ka zopereka kamagwirizana ndi ndalama za m'thumba mpaka pa kwacha yomaliza walawako ntchito yowerengera chuma. Pa mtsutso, wina amazindikira kuti amakonda kufufuza mfundo koma kuyankhula pagulu kumamuumitsa pakamwa, pomwe mnzake zili mosemphana. Zonsezi sizilembedwa pa lipoti la kumapeto kwa teremu, koma ndi zimene zimamuuza mwana kuti iye ndi wotani.

Komabe kuyesa kuli ndi malamulo ake. Loyamba n'lakuti avale mapazi onse awiri. Phazi limodzi ndi chimene mtima ukukonda, linalo ndi chimene mutu ndi manja zikutha. Alipo ana okonda kuimba amene mawu awo sakwera, koma khutu lawo limagwira msanga pamene kwaya yasokonekera. Amenewa mwina malo awo ndi pa makina ojambulira nyimbo. Alipo okhoza masamu amene sangapirire kukhala pa mpando tsiku lonse. Ntchito yomukwana munthu ndi imene mapazi onse awiri alowa.

Lachiwiri n'lakuti ayende nayo. Nsapato iliyonse imakoma munthu ali chikhalire. Kulembetsa dzina m'makalabu asanu n'kumangoonekera tsiku lojambulitsa chithunzi si kuyesa. Mwana asankhe kalabu imodzi kapena ziwiri, akhalemo chaka chathunthu, alandire udindo ngakhale waung'ono, kufikira atakumana ndi mbali yotopetsa ya ntchitoyo: kubwereza sewero kakhumi, kutunga madzi a nazale dzuwa la mu Okutobala lili pamutu, kulondola anzake amene sanapereke ndalama. Ntchito iliyonse ili ndi pamene imaluma. Funso n'lakuti kodi kulumako n'kopiririka, kapena n'kotulutsa matuza?

Lachitatu n'lakuti kubweza pamulu si kulephera. Mtsikana amene wazindikira ali Fomu 2 kuti fungo la m'chipatala limamudwalitsa wapindula kwambiri kuposa amene adzazindikire zimenezi ali chaka chachitatu ku koleji ya unamwino. Ndiponso phazi la mwana limakula. Chimene chinamukwana ali Fomu 1 chikhoza kumuthina pofika Fomu 4, ndipo palibe chodabwitsa pamenepo.

Holide ndiyo nthawi yoyenda ndi nsapato ija kunja kwa mpanda wa sukulu. Pafupifupi dera lililonse lili ndi chipatala chaching'ono, mlangizi wa zaulimi, kalipentala, telala, makaniko, wowotcherera zitsulo, mphunzitsi. Madera ena ali ndi wailesi zawozawo, monga Dzimwe ku Mangochi, Mudziwathu ku Mchinji, ndi ya ku Nkhotakota. Mabwalo a milandu nawo amalola anthu kukhala kumbuyo n'kumamvetsera milandu yambiri. Mwana wofuna uloya atakhala m'bwalo la majisitireti m'mawa umodzi wokha, angaone yekha kuti ntchitoyi ndi ya mapepala, kudikira ndi kuwerenga kwambiri kuposa kukuwa kumene amaonera m'mafilimu. Wofuna zamagalimoto apemphe kukhala pa galaja sabata imodzi, azipatsira masipanala, aone mmene amisiri amamvetserera kulira kwa injini asanamasule kanthu.

Akafika kumeneko asangoyang'ana, afunse, pakuti safunsa anadya phula. Mafunso abwino ndi aja ofika pamene nsapato imaluma: "Amalume, pa ntchito yanuyi chimakutopetsani kwambiri n'chiyani?" "Anamwino, munalemba maphunziro ati pa Fomu 4, ndipo munakaphunzira kuti, zaka zingati?" "Achimwene, mukanakhala mukuyamba lero, mukanasankhanso yomweyi?" Akuluakulu ambiri amasangalala kufunsidwa motere ndi mwana waulemu, ndipo amayankha zoona. Koma maulendo oterewa akonze ndi makolo kapena aphunzitsi, kwa munthu wodziwika bwino, masana, pamalo poonekera, makamaka kwa ana aakazi. Mwana akupita kukaphunzira, osati kukasanduka wantchito waulere kapena kukagwira ntchito zoika moyo pachiswe.

Kuyesaku kuyambe msanga chifukwa msika wake umatsekedwa pang'onopang'ono. Mwana akamalowa Fomu 3 amasankha maphunziro amene adzalembe pa mayeso a MSCE, ndipo ambiri amasankha potsatira mnzawo kapena pothawa mphunzitsi wolusa. Amene wasiya Physics ndi Chemistry pa nthawiyi wadzitsekera yekha khomo la udokotala ku KUHeS ndi la uinjiniya ku MUBAS kapena ku MUST, ngakhale atadzakhoza bwanji maphunziro enawo. Choncho zaka za Fomu 1 ndi Fomu 2 ndizo zoyesera kwambiri, kuti posankha maphunziro mwana akhale akudziwa kumene akulowera.

Tisaiwalenso kuti woyesa nsapato alibe ndalama m'thumba amabwerera ndi patapata wake. Ndalama ya pa msika uwu ndi mapointi. Kuti mwana aganiziridwe ku yunivesite ya boma kudzera ku bungwe la NCHE, amafunika makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, ndipo pa maphunziro olimbiranidwa amatengedwa ndi amene mapointi awo ndi ochepa zedi. Kalabu isadye nthawi yowerenga. Chimene ndaona n'chakuti mwana amene wapeza chimene akufuna savuta kumukumbutsa za mabuku. Masamu amene ankamuwawa amayamba kuwalimbikira akadziwa kuti ndiwo akamulowetse kumene mtima wake uli.

Muluwonso ndi waukulu kuposa mmene ana athu amaganizira. Iwo amangoona nsapato zisanu zapamwamba, pomwe pansi pali zina zolimba. Ku Dedza kuli koleji ya zankhalango ndi nyama zakutchire. Ku Mpwepwe m'boma la Mangochi amaphunzitsa zausodzi, ku Monkey Bay zoyendetsa ndi kukonza sitima zapamadzi, ku Mikolongwe za ziweto. Malawi College of Health Sciences imaphunzitsa madokotala othandizira, oyeza magazi ndi ena amene zipatala zathu zimadalira tsiku ndi tsiku. LUANAR ili ndi maphunziro a ulimi, ulimi wothirira ndi kadyedwe koyenera. Makoleji a ntchito zamanja monga Soche, Lilongwe, Salima, Nasawa, Namitete, Mzuzu ndi Livingstonia, pansi pa ndondomeko ya TEVETA imene inakhazikitsidwa mu 1999, amatulutsa amisiri a zamagetsi, zomangamanga, mipope ndi magalimoto, ndipo ambiri mwa iwo amadzilemba okha ntchito n'kulembanso anzawo. Mwana sangafune chinthu chimene sanamvepo dzina lake.

Wina anganene kuti zonsezi n'za masukulu ogonera konko, pomwe pa CDSS ya kumudzi palibe labotale, palibe holo, ndipo ana amayenda mtunda wautali pobwerera kwawo. N'zoona, ndipo kusiyana kumeneku n'kopweteka; boma ndi makomiti a sukulu ali ndi ngongole kwa ana amenewa. Komabe kuyesa sikudikira nyumba zokongola. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu anasiya sekondale chifukwa cha kusowa fizi pa njala ya 2002. Asanapange makina ake a magetsi oyendera mphepo, anali atayamba kale kumasula mawailesi akufa kuti aone chimene chimayankhula mkatimo, mpaka anthu anayamba kumubweretsera awo kuti awakonze. Buku limene linamutsegula maso analipeza mu kalaibulale kakang'ono ka pa sukulu ya pulaimale ya kwawo. Mu 2014 anamaliza maphunziro ake ku Dartmouth College ku America. Si mwana aliyense adzafike kumeneko, koma poyambira pake, wailesi yakufa ndi shelefu ya mabuku, mpofikirika m'midzi yambiri.

Kwa ife makolo, kachingwe kaja tikasiye. Timakagwiritsa ntchito chifukwa cha chikondi ndi mantha: tikufuna mwana adzapeze ntchito yokhazikika, adzathandize azing'ono ake. Nkhawa imeneyi njomveka, ndipo mawu athu ngofunika, poti msika timaudziwa kuposa iye. Tikudziwa ntchito zimene anthu akuzisowa, tikudziwa fizi imene tingakwanitse. Koma udindo wathu ndi kupita naye limodzi, kumuonetsa mulu wonse, kumuchenjeza pamene pang'aluka, n'kumufunsa kuti, "Mwanawe, ukumva bwanji pamenepa?" Wovala ndi iyeyo. Tonse tinakumanapo ndi namwino wokalipira odwala kapena mphunzitsi wongowerengera masiku a malipiro, ndipo ena mwa iwo si anthu oipa. Anangovekedwa ntchito imene sinawakwane.

Kwa aphunzitsi aakulu pempho langa ndi ili: masana amene makalabu amakumana asalandidwe ndi makalasi owonjezera, ngakhale mayeso a MANEB atayandikira. Kalabu iliyonse ikhale ndi mphunzitsi woiyang'anira amene amabweradi. Ndipo kamodzi pa teremu itanani anthu amene anaphunzira pa sukulu yanu yomweyo, namwino, mmisiri wa zamagetsi, wapolisi, mlimi wa tomato amene zikumuyendera, adzakhale pansi pa mtengo ndi ana a Fomu 2 asanasankhe maphunziro, awauze zokoma ndi zowawa za ntchito zawo. Zimenezi sizifuna thandizo lochokera kunja. Zimafuna kalata imodzi, mabenchi angapo, ndi mphunzitsi wamkulu amene watsimikiza kuti zichitike teremu ino.