Anamwalila ndi Ciani? Cifukwa Cake Yankho Loona Limateteza Amoyo

Pa nyumba ya malilo anthu amafunsana capansipansi kuti, "Anamwalila ndi ciani?" Yankho limakhala lalifupi: "Anadwala cabe masiku ocepa," kapena "Anangogwa." Mbili ya womwalila ikamawelengedwa m'chalichi, matenda sachulidwa kawili-kawili, ndipo palibe colakwa, pakuti banja lili ndi ufulu wosunga nkhani zake pagulu. Koma funso lomweli limafunsidwanso ku polisi, ku mochale ndi ku ofesi yolembetsa imfa. Kumeneko yankho lobisa limavulaza amoyo, cifukwa mayankho athu ndiwo amasanduka ziwelengelo zimene boma limayang'ana posankha kotumiza mankhwala, katemela, manesi ndi madzi abwino.

Ziwelengelo zimacokela kuti?

Pali njila zitatu zikulu-zikulu. Yoyamba ndi zipatala. Munthu akamwalila ali m'manja mwa acipatala, monga pa Chipata First Level Hospital kapena ku UTH, dokotala amalemba pepala lochula matenda amene amupha. Yaciwili ndi kulembetsa imfa ku Department of National Registration, Passport and Citizenship, ofesi yomweyo imene imatipatsa NRC. Lamulo la dziko lathu limafuna kuti kubadwa ndi imfa zizilembetsedwa, koma imfa zambili sizifika m'mabuku amenewa.

Yacitatu ndi kafukufuku wa khomo ndi khomo wochedwa Zambia Demographic and Health Survey, amene anacitika koyamba mu 1992. Masiku ano amayendetsedwa ndi Zambia Statistics Agency pamodzi ndi Unduna wa Zaumoyo. Ofufuza amafunsa azimai za ana onse amene anabeleka, amoyo ndi omwalila, ndipo kucokela pa mayankhowo amapeza cithunzi ca dziko lonse.

Tikamamva ziwelengelo zimenezi pa wailesi, tizimvetsela mau akuti "pa 1,000" kapena "pa 100,000". Komboni yaikulu monga Kanyama idzakhala ndi malilo ambili kuposa dela la anthu ocepa, ngakhale anthu ake atakhala athanzi mofanana. Conco akatswili samangowelenga mitembo. Amafunsa kuti, pa anthu 1,000 alionse, amwalila angati? Ndi mmene amayelekezela dela ndi dela, kapena caka ndi caka.

Zimene ziwelengelo za ana zimaonetsa

Kafukufuku wa 2001 mpaka 2002 anapeza kuti pa ana 1,000 obadwa amoyo m'Zambia, ana 168 anali kumwalila asanakwanitse zaka zisanu. Mu 2007 anali 119, mu 2013 mpaka 2014 anali 75, ndipo mu 2018 anatsika kufika pa 61. Izi sizinacitike mwamwai. Katemela, maneti oteteza ku udzudzu, mankhwala a ARV amene amateteza mwana kuti asatenge HIV kwa amai ake, ndi kiliniki ya ana mwezi ndi mwezi, zonsezi zinathandiza.

Koma mkati mwa nambala ya 61 muli cenjezo. Ana 27 mwa amenewa anali kumwalila m'mwezi woyamba wa moyo wao, pamene m'kafukufuku wapitawo anali 24. Ana okulilapo anali kupulumuka, koma makanda ai. Zimene zimapha makanda kwambili ndi kubadwa masiku asanakwane, kubanika pobadwa ndi matenda oloŵa m'magazi. Kafukufuku wa 2018 yemweyo anapezanso kuti azimai 252 anali kumwalila pa zifukwa za pakati ndi ucembele pa ana 100,000 obadwa amoyo. Mu 2019 boma linalengeza kuti imfa za azimai apakati ndi makanda ndi vuto lofunika kulithamangila. Popanda kuwelenga, sitikanadziŵa kuti ngozi yaikulu yatsalila pa masiku oyamba aja.

Imfa za panyumba

Pamene ziwelengelo zathu zimapelewela kwambili ndi pa anthu omwalila panyumba kapena panjila. Acipatala amawalemba kuti BID, kutanthauza munthu amene wafikitsidwa atamwalila kale. Palibe dokotala amene anamupima, conco palibe amene angalembe matenda ake motsimikiza.

Kukula kwa vutoli kunaoneka nthawi ya COVID-19. Kuyambila June mpaka September 2020, gulu la ofufuza la Dr Lawrence Mwananyanda ndi anzake a ku Boston University linapima mitembo 364 ku mochale ya UTH. Mwa anthu 70 anapezamo kacilombo ka COVID-19. Pa 70 amenewo, 51 anamwalila kunja kwa cipatala, ndipo palibe ngakhale mmodzi wa iwo amene anapimidwa ali moyo. Pa 19 amene anamwalila m'cipatala, opimidwa anali 6 cabe. Ambili a ife panthawiyo tinali kukamba kuti matendawa ndi a kumaiko a azungu ndi a anthu a kumayadi, cifukwa nambala zolengezedwa zinali zocepa. Koma nambalazo zinali kuwelenga okhawo amene anapimidwa.

Phunzilo la kolela

Ife a ku Mandevu kolela timaidziŵa bwino. Mlili wa 2017 unayambila kudela la Chipata kuno kwathu, kenaka n'kufika ku Kanyama. Pofika May 2018, mu Lusaka munali mutalembedwa odwala 5,414 ndi imfa 98. Popeza wodwala aliyense anali kulembedwa kumene akhala, zinadziŵika kuti matenda akula kuti. N'cifukwa cake katemela wa kolela mu January 2018 anapita ku Chipata, Kanyama, Matero ndi Chawama, ndipo m'makomboni munaikidwa matanki a madzi, zitsime zosazama n'kukwililidwa.

Mlili umene unayamba mu October 2023 unali woopsa koposa. M'dziko lonse anthu opitilila 20,000 anadwala ndipo opitilila 700 anamwalila. National Heroes Stadium, pafupi nafe pa mseu wa Great North, inasandukanso cipatala monga mu 2018, ndipo masukulu sanatsegulidwe mpaka February 2024. Bungwe la World Health Organization limakamba kuti odwala kolela akalandila thandizo loyenela, omwalila safika mmodzi pa 100. Kwathu anapitilila atatu pa 100. Cinacititsa n'ciani? Pakati pa January 2024, pamene imfa zinali zitapitilila 400, Unduna wa Zaumoyo unakamba kuti opitilila theka la omwalilawo anafa asanagonekedwe m'cipatala. Kolela imatha madzi m'thupi m'maola ocepa. Wodwala amene wayamba kumwa madzi a moyo pomwepo n'kuthamangila naye ku kiliniki amakhala ndi mwai waukulu wocila. Woyembekezela kuti kuce, kapena kuti ndalama ya motoka ipezeke, angafe usiku womwewo. Nambala imeneyi inaonetsa kuti kucedwa panyumba kunatenga miyoyo yambili.

Mbali yathu

Munthu akamwalila panyumba, acibale amakauza apolisi, amene amalemba kalata yopita nayo ku mochale. Ku UTH ndi kuzipatala zina kuli anchito amene amafunsa acibale mafunso onena za matenda a womwalila: anadwala masiku angati, anali kukhosomola kodi, thupi linali kutentha, miyendo inatupa, anali kumwa mankhwala anji. Njila imeneyi amaicha verbal autopsy, ndipo mayankho ake amathandiza kupeza matenda amene ayenela kuti ndiwo anapha munthuyo.

Apa mpingo ungathandize, pakuti pa malilo ndife timakhala pafupi ndi banja. Coyamba, kokayankha mafunso kuzipita munthu amene anali kudwazika, amene nthawi zambili amakhala mkazi wa womwalila, amai ake kapena mlongo wake. Amalume amene afika dzulo kucokela kumudzi ali ndi ulemu wao pa mwambo, koma sanaone mmene matenda anayendela. Caciwili, tizinyamula makhadi a kucipatala ndi mabotolo a mankhwala, kaya ndi a BP, a shuga, a TB kapena ma ARV. Zokambidwa kumeneko sizilengezedwa kumanda ku Chingwere. Cacitatu, ngakhale m'banja muli maganizo akuti munthu analodzedwa, tizifotokozabe zizindikilo zimene maso athu anaona.

Tisaiŵalenso makanda. Mwa mwambo, mwana womwalila atangobadwa amaikidwa mwamsanga ndi mwakacetecete, nthawi zina popanda pepala lililonse. Komatu gulu limeneli ndi limene kafukufuku wa 2018 anaonetsa kuti dziko linali kulephela kupulumutsa, ndipo mwana wosalembedwa saoneka m'mabuku a kiliniki kapena a boma. Azimai a mumpingo amene amathandiza pa nthawi zotele angalimbikitse banja kukadziŵitsa a kiliniki.

Comaliza, cilolezo coika malilo cimene timatenga ku Lusaka City Council si setifiketi ya imfa. Ambili tikaika malilo timaona ngati zonse zatha, ndipo pambuyo pake amasiye amavutika pamene setifiketi ifunidwa pa nkhani ya penshoni, ya ndalama za kubanki kapena ya nyumba. Akulu a mpingo ndi makomiti a malilo, pocezela banja masiku a malilo atapita, azifunsako ngati imfa yalembetsedwa, ndipo ngati wamasiye alibe womupelekeza ku ofesi, mmodzi wa ife apite naye.